Funsani Azakhali: Ku Korea ndikadya chani poti nyama sindidya?

Mwezi uno makalata ambiri omwe alowa pa foni yanga ndi a chakudya cha ku South Korea, makamaka chamasamba, ena akupita kusukulu, ena ali kale komweko pa ntchito, ena angoona pa mavidiyo mtima n'kukhumbira. Ndasankhapo 6. Ine ndinakhalako kumeneko ndipo chakudya chawo chamasamba ndimachikonda ndi mtima wonse, ndiye pena ndichulutsa zonena, mundipirire.

FUNSO: Azakhali, ndapeza sikolashipu yokaphunzira ku Seoul ndipo ndinyamuka mu February poti sukulu kumeneko imayamba mu March. Vuto langa ndi loti nyama ndinasiya zaka 4 zapitazo, nsombanso sindidya, mazira ndi mkaka zokha ndiye ndimadya. Anzanga akundiopseza kuti ku Korea ndi kwa nkhumba yootcha basi, akuti ndizikagona ndi njala olo ndizikangodya buledi tsiku ndi tsiku, ndipo pa TikTok zomwe ndimaona ndi nyama yokhayokha ili pamoto. Nde ndikapita ku lesitilanti ndi anzanga ndizikaitanitsa chani? Ndikuopa heve.
Mtsikana wa sikolashipu

YANKHO: Mwanangu, mtima m'malo kaye. Anzakowo aona mbali imodzi yokha. Nkhumba yootcha ija, samgyeopsal, ilikodi ndipo amaikonda kwambiri, koma ndi chakudya cha madzulo anthu akaweruka, cha pachisangalalo, ndipo kudya nyama yochuluka chonchi kwabwera posachedwa dziko lawo litalemera. Chomwe chinalera agogo awo ndi mpunga, msuzi wa soya ndi masamba. Paja pafupifupi magawo 70 pa 100 aliwonse a dziko limenelija ndi mapiri, malo olima ndi ochepa, nyengo yachisanu ndi yaitali moti m'munda simumera kanthu, komanso kale kunali nthawi ya njala yomwe mpaka lero amaitchula kuti boritgogae, kutanthauza chitunda cha balele, pomwe mpunga wa chaka chatha watha koma balele sanache. Ndiye amayi ankakwera m'mapiri kukathyola chilichonse chodyeka, masamba, mizu, nsonga za mitengo, n'kuphunzira kuti ichi chimafuna kuwiritsa, ichi kuviika masiku angapo, ichi kuyanika. Luso limenelo silinathe njala itatha. Lero ndi lomwe anthu akulipira ndalama kuti akadye.

Mawu oyamba oti uloweze ndi namul. Namul ndi masamba kapena mizu yomwe aifutsa pang'ono m'madzi otentha, n'kuifinya, kenaka n'kuisakaniza ndi manja pothira mafuta a chitowe, adyo wosinja, mchere kapena msuzi wa soya wotchedwa ganjang. Akorea eni ake amati kukoma kwa namul ndi sonmat, kukoma kwa m'manja, ndipo ine ndimavomereza chifukwa sipinachi yemweyo amakoma mosiyana khomo ndi khomo.

Tsiku lomwe ndinazimvetsa bwino ndinali m'munsi mwa phiri la Jirisan, lija linakhala paki yoyamba ya dziko lawo mu 1967. Pakhomo lolowera m'mapiri ngati amenewa pamakhala mndandanda wa timalesitilanti todyetsa anthu okwera phiri, ndiye tinalowa mwa agogo ena aakazi, tinavula nsapato, tinakhala pansi pomwe panali pofunda bwino chifukwa moto wawo umadutsa kunsi kwa simenti. Tinaitanitsa sanchae jeongsik, chakudya cha masamba a m'phiri. Agogo aja anabwera ndi thireyi kawiri, ndinawerenga timbale 14. Munali gosari, nsonga zopindika za chomera cha m'phiri, zofiirira, zotafunika mokhala ngati nyama, zimenezi zosaphika zili ndi poizoni ndiye amaziwiritsa n'kuziviika kaye. Munali doraji, mizu yoyera yong'ambidwa ngati tizingwe, yowawirira pang'ono ngakhale amaifikisa ndi mchere kuti kuwawako kuchepe. Munali chwinamul wonunkhira tchire, bowa wa mitundu iwiri, siraegi omwe ndi masamba a radishi oyanika, ndi deodeok, muzu womwe amausasantha, kuupaka tsabola n'kuuotcha. Pakati panali dotorimuk, chinthu chonjenjemera chopangidwa ndi ufa wa mbewu za mitengo ya oak, chozizira, chothira ganjang ndi anyezi wamasamba. Ndinadya mpaka kumasula lamba ndipo panalibe ngakhale kachidutswa ka nyama komwe ndinakaona.

Mu Seoul momwemo chomwe uzipeza paliponse ndi bibimbap, mpunga womwe pamwamba pake ayala namul wa mitundu yosiyanasiyana, dzira ndi gochujang, phala lofiira latsabola. Usamadye chimodzichimodzi ayi, umathira gochujang n'kusakaniza zonse ndi supuni mpaka mpunga wonse ufiire. Ukapeza polembedwa sanchae bibimbap ndiye wapata, amenewo kawirikawiri sathiramo nyama. Wa dolsot amabwera m'mbale yamwala yotentha ikulira kuti tsss, usathamangire kusakaniza, udikire kaye pang'ono kuti pansi papange nkhoko. Palinso boribap, mpunga wosakaniza ndi balele womwe umabwera ndi masamba ambirimbiri, palinso malesitilanti a dubu, tofu uja wopangidwa ndi mkaka wa soya woundana, ndipo mzinda wa Gangneung umadziwika ndi tofu wofewa wa ku Chodang yemwe amamuumitsa ndi madzi a m'nyanja. Kukatentha cha m'ma July uzifunsa kongguksu, manudozi a m'msuzi wozizira wa soya wogaya, amenewa mulibe nyama, mulibe nsomba. Kukazizira pali hobakjuk, phala la dzungu, ndi patjuk, phala la nyemba zofiira.

Koma tsopano apa tchera khutu, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amagwera. Chakudya kuoneka chamasamba sizikutanthauza kuti mulibe nsomba. Kimchi, ndiwo yawo ya kabichi wosasitsa wa tsabola, m'malesitilanti pafupifupi onse amathiramo jeotgal, zomwe ndi tinkhanu ta m'nyanja tating'onoting'ono tosungidwa mumchere, kapena msuzi wa tinsomba totchedwa myeolchi. Ndi maso sungaone. Misuzi yambiri, ngakhale doenjang jjigae uja wooneka ngati wa soya, tofu ndi maungu basi, madzi ake amayamba awiritsamo myeolchi wouma ndi ndere za m'nyanja zotchedwa dasima, ena amaponyamonso nkhono. Mu namul momwe ophika ena amadonthezamo msuzi wa nsomba, kapena kuwaza Dashida, ufa wokometsera wa fungo la ng'ombe. Ndipo bibimbap wotchuka wa ku Jeonju, mzinda womwe UNESCO inauika pa mndandanda wa mizinda ya zakudya mu 2012, nthawi zambiri amaikapo nyama ya ng'ombe, pena yaiwisi, ena mpunga womwe amauphika mu msuzi wa ng'ombe.

Ndiye usananyamuke ukhale pansi udzifunse wekha kuti malire ako ali pati. Ngati vuto lako ndi kutafuna nyama ndi nsomba koma kamsuzi kosaoneka sikakukhudza, udzadya bwino paliponse, sudzavutika ngakhale tsiku limodzi. Ngati sufuna ngakhale dontho, ndiye uzifunafuna malo olembedwa kuti chaesik kapena bigeon, kutanthauza chakudya cha osadya nyama, ku Seoul alipo ndithu makamaka cha ku Insadong, Itaewon ndi Hongdae, ndi malo a chakudya cha kukachisi omwe ndawafotokoza mmunsimu. Pa foni uikiretu Naver Map kapena KakaoMap chifukwa ndi zomwe eni dziko amagwiritsa ntchito, Papago yomasulira menyu, ndi HappyCow yosonyeza malo a osadya nyama.

FUNSO: Zikomo Azakhali. Ine ndi wa Sabata, ndikugwira ntchito pa fakitale ina kuno ku Ansan. Sabata yatha ndinalowa mu kalesitilanti kena ndinaloza pa menyu polembedwa yachae gimbap, mpunga uja wokulunga mu ndere zouma, mnzanga anali atandiuza kuti yachae ndi masamba. Ndaluma kawiri ndikuona muli hamu. Ndinakhumudwa kwambiri, ndinawaonetsa mayi ogulitsawo iwo akungodabwa ngati palibe cholakwika. Kodi anachita dala poona kuti ndine mlendo? Nanga ndiziyankhula bwanji kuti zisachitikenso?
Bambo wa ku Ansan

YANKHO: Pepani achimwene, ndikumvetsa mmene zinakupwetekerani chifukwa kwa inu iyi si nkhani ya kukoma, ndi ya chikhulupiriro. Koma ndikukhulupirira kuti mayiwo sanachite dala. Kumeneko yachae gimbap amatanthauza gimbap wamba yemwe sanawonjezeremo tuna kapena ng'ombe, koma hamu, dzira, matsal wokoma ngati nkhanu ndi eomuk wopangidwa ndi nsomba yogaya zimakhalamo monga mwa masiku onse. Kwa anthu ambiri achikulire mukati gogi, nyama, iwo amaganiza nthuli yeniyeni, hamu samuwerengera, nsombanso saiwerengera. Inenso zinandichitikira ndi japchae, manudozi osakaniza ndi masamba, ndinanena bwinobwino kuti sindikufuna nyama, mbale inabwera muli tizidutswa ta nkhumba toonda ngati machesi, mayi wake akuti aika pang'ono pokha kuti zikome.

Ndiye njira yake ndi kutchula chinthu chilichonse ndi dzina lake. Mawu ofunika ndi ppae juseyo, kutanthauza chotsanimo. Haem ppae juseyo, chotsanimo hamu. Dwaeji gogi ppae juseyo, chotsanimo nkhumba. Poti inu a Sabata nkhanu ndi nkhono simudya, lowezaninso saeu, tinkhanu tija, ojingeo, sikwidi wa miyendo yambiri uja, ndi jogae, nkhono zam'madzi. Mukafuna kufunsa ngati chinthu chilimo mumati deureogayo, monga saeujeot deureogayo, muli tinkhanu tamchere? Ubwino wa gimbap amakulunga inu mukuona, ndiye imani pompo muziloza. Ndipo nenani poitanitsa, osati mbale itafika. Chinanso chomwe chimathandiza kwambiri, pemphani mnzanu wachikorea wa kuntchito akulembereni m'chilankhulo chawo zonse zomwe simudya, mujambule pa foni, muzingoonetsa, anthu amamvetsa msanga akawerenga m'zilembo zawo kusiyana ndi kumva katchulidwe kathu.

Samalaninso ndi izi zomwe zimaoneka zosalakwa. Pajeon, chitumbuwa chachikulu cha anyezi wamasamba, nthawi zambiri amaikamo za m'nyanja. Bindaetteok wa ku msika wa Gwangjang ndi wa nyemba zogaya koma ena amaikamo nkhumba kapena kukazingira mafuta ake. Sundubu jjigae, msuzi wa tofu wofewa, amakonda kuikamo nkhono kapena nkhumba. Gochujang wina wa mu bibimbap amakhala wokazinga ndi nyama ya ng'ombe yogaya. Musadzione ngati muli nokha, mpingo wanu ulipo ku Korea, ku Seoul kuli yunivesite yawo ya Sahmyook, ndiye abale a kutchalitchi ndi omwe angakulozereni malo abwino a dera lanulo. Abale athu achisilamu omwe mukuwerenga, zambiri mwa izi zikukukhudzaninso, onjezanipo kufunsa za matsul, vinyo wophikira, ndipo malesitilanti a halaal ambiri ali ku Itaewon pafupi ndi mzikiti waukulu womwe unatsegulidwa mu 1976.

FUNSO: Azakhali, mwana wanga amaphunzitsa Chingerezi ku Korea ndipo wandiitana kuti ndikamuone. Akuti akufuna akanditengere ku chakudya cha kukachisi wa Abuda poti ndimakonda masamba. Ine ndine mayi wa mvano, mtima wanga sukukhazikika. Kodi kudya kumeneko si kupembedza nawo? Nanga ndi chakudya chanji chimenechi choti mpaka munthu kusungitsiratu malo?
Mayi wodandaula

YANKHO: Mayi, mwafunsa bwino, ndipo za chikumbumtima chanu mwini wake ndinu, ine ndingokuuzani zomwe zimachitika kuti musankhe mukudziwa. Chakudya chimenechi amachitcha sachal eumsik. Chibuda chinafika ku Korea m'chaka cha 372 ndipo amonke ake, amuna ndi aakazi omwe onse amawaitana kuti seunim, akhala akuphika m'makachisi a m'mapiri kwa zaka mazanamazana osagwiritsa ntchito nyama kapena nsomba. Kuwonjezera apo sathira ndiwo zisanu zafungo lamphamvu zomwe amazitcha osinchae, monga adyo, anyezi wamasamba, buchu ndi dallae zomwe ndi za mtundu wa anyezi, chachisanu ndi chomera chomwe ku Korea sichimera ndiye masiku ano ambiri amawerengera anyezi wamba m'malo mwake. Iwo amati zimenezi zikadyedwa zaziwisi zimautsa mkwiyo, zophika zimautsa chilakolako, ndiye zimasokoneza munthu wofuna kusinkhasinkha.

Mwina mukuti nanga chopanda adyo, chopanda anyezi, chopanda nyama chingakome bwanji. Inenso ndinkatero. Chinsinsi chili m'mitsuko. Kuseri kwa kachisi aliyense mupeza mitsuko ikuluikulu yadothi itandandalikidwa padzuwa, muli jang. Amawiritsa soya, kusinja, kuumba ngati njerwa zomwe amazitcha meju, kuzipachika kuti ziume ndi kuchita nkhungu yabwino, kenaka kuziviika m'madzi amchere. Pakapita masabata angapo amalekanitsa, madziwo amakhala ganjang, zotsalazo amakhala doenjang, ndipo zimakhala mumtsuko miyezi, zina zaka, zikukomerakomera. Luso lopanga jang limeneli UNESCO inalilemba m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu mu 2024, monga inachitira ndi kimjang, mwambo wopanga kimchi wambiri pamodzi chisanu chisanayambe, mu 2013. Msuzi wawo amonke amaupanga ndi bowa wouma wa pyogo, dasima ndi radishi, kukometsa amagwiritsa ufa wa bowa ndi njere za deulkkae, zokhala ngati chitowe. Kimchi wawo mulibe nsomba mulibe adyo, amakoma mopepuka, mkamwa mumatsala mwayera.

Chomwe sindidzaiwala ine ndi mpunga wokulunga m'tsamba la duwa la lotus. Unabwera ngati kaphukusi, nditamasula nthunzi inatuluka ndi fungo la tsambalo, mkati muli mpunga womata, mtedza wa ginkgo, zipatso za daechu ndi nyemba. Pambali panali bowa wokazinga wopaka msuzi wotsekemera wa tsabola yemwe munthu wokonda nyama sangadandaule naye, ndi tsamba limodzi la kkaennip, tsamba la deulkkae uja, lomwe analipaka phala la mpunga, kuliyanika n'kulikazinga, likuphwanyika mkamwa ngati galasi lopyapyala. Munthu umadya pang'onopang'ono wekha osachita kuuzidwa.

Tsopano za nkhawa yanu. Pali zinthu ziwiri zosiyana. Pali malesitilanti ogulitsa chakudya cha mtundu umenewu, monga Balwoo Gongyang yomwe ili moyang'anizana ndi kachisi wa Jogyesa pakati pa Seoul, ya gulu la Abuda la Jogye, yomwe inalandira nyenyezi ya Michelin, ulemu wopatsidwa kwa malesitilanti apamwamba, m'buku lawo la 2017, kapena Sanchon ku Insadong yomwe anaiyambitsa munthu yemwe kale anali mmonke. Kumeneku mumakhala patebulo, weita amabweretsa mbale imodziimodzi, mumadya, mumalipira, mumapita, palibe pemphero palibe kugwada, mukafuna kupempherera chakudya chanu mwa chikhristu palibe angakuletseni. Paja ku Korea akhristu ndi ambiri, kalembera wa 2015 anapeza kuti amaposa Abuda. Malo ngati amenewa ndi okwera mtengo, munthu mmodzi ndi ma won, ndalama yawo, masauzande makumi angapo, ndipo mipando ndi yochepa, n'chifukwa chake mwana wanu akuti asungitsiretu.

Chachiwiri ndi Templestay, pulogalamu yomwe inayamba mu 2002 nthawi ya World Cup, yogona kukachisi konko. Uko ndiye kumakhala mapemphero a m'bandakucha, komanso mwina mwambo wa kadyedwe wotchedwa barugongyang, aliyense ndi mbale zake zinayi, kudya mwakachetechete, osasiya ngakhale njere imodzi ya mpunga, pomaliza kutsuka mbale ndi madzi ndi kachidutswa ka radishi n'kumwa madziwo. Asanadye amanena mawu osinkhasinkha za komwe chakudyacho chachokera. Alendo sawakakamiza kugwada, koma ngati mtima wanu sukufuna kukhala pamalo a mapemphero a ena, muuzeni mwana wanu kuti mukufuna lesitilanti yokha. Mukamva dzina la Jeong Kwan, mmonke wamkazi yemwe anatchuka dziko lonse ataoneka pa Netflix mu 2017, dziwani kuti iyeyo alibe lesitilanti, amaphikira ku kachisi wa Baekyangsa kummwera kwa dzikolo.

FUNSO: Anti, ndinalowa mu lesitilanti ku Busan ndaitanitsa mbale imodzi yokha koma anandibweretsera timbale 6 tomwe sindinaitanitse, ndinaopa kukhudza poganiza kuti bilu ikwera. Ndinalakwitsa?
Mnyamata wa pa sitima

YANKHO: Unadzimana mwanangu. Timbale timeneto ndi banchan, timabwera ndi chakudya chomwe waitanitsa, sulipira padera, ndipo kakatha kena komwe wakakonda umangoti banchan jom deo juseyo akuwonjezera ulere. Malo ena pali pakona polembedwa kuti selpeu pomwe umakatenga wekha, madzi akumwanso chimodzimodzi. Chokhacho tenga zomwe umalize, lamulo lawo sililola kupatsa kasitomala wina zotsala ndiye zomwe wasiya zimakatayidwa. Supuni ndi timitengo todyera ukazisowa patebulo suzumira m'mbali mwake, muli kadilowa. Weita umamuitana ndi belu la patebulo kapena kukweza mawu kuti yeogiyo, si mwano. Kulipira ndi pakauntala potuluka, ya pamwamba yothokozera weita kulibe. Bibimbap wamba ndi cha m'ma won 10,000 kapena kuposerapo pang'ono. Dziwanso kuti zakudya zina monga ssambap, mpunga wokulunga m'masamba, ndi jeongsik wa timbale tambiri uja, malo ambiri amagulitsa kuyambira anthu awiri, ndipo malesitilanti ambiri amatseka kaye masana cha m'ma 3 mpaka 5 koloko.

FUNSO: Azakhali, amuna anga ali ndi BP ndipo tikupita ku Korea ku msonkhano wa sabata ziwiri. Ndimaganiza kuti poti ndi masamba ndiye zili bwino, koma wina wandiuza kuti mchere wake ndi woopsa. Zoona? Tsabolanso samugwira.
Mayi wa abambo a BP

YANKHO: Zoona achemwali, wakuuzaniyo sananame. Masambawo ndi abwino, mafuta ndi ochepa, koma kimchi, doenjang, ganjang ndi jangajji, ndiwo zija amazisunga mu msuzi wa soya, zonsezi zimakhalitsa chifukwa cha mchere. A WHO amati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi basi, ndipo mbale imodzi ya jjigae mukamwa msuzi wonse mwapita kale kutali. Ndiye abambowo azivuula tofu ndi masamba, msuziwo azisiya. Pa bibimbap nenani gochujang ttaro juseyo kuti tsabolayo abwere padera, athire kansonga ka supuni kokha, kapena angothira mafuta a chitowe. Deol jjage hae juseyo ndiye kuti muchepetse mchere, an maepge hae juseyo ndiye kuti musaike tsabola, ngakhale pa zomwe anaphika kale m'mawa palibe chomwe angasinthe. Zopanda tsabola zilipo zambiri, baek kimchi woyera uja, namul wa sipinachi ndi wa mphukira za soya, phala la dzungu, sujebi wa deulkkae, msuzi wa tizidutswa ta ufa wa tirigu wokanda, ndi masamba aawisi okulungira mpunga. Mankhwala awo anyamule okwanira masiku onse ndipo asananyamuke akaonane ndi adokotala awo, awauze komwe akupita. Ngati pali yemwe thupi lake limadana ndi soya, chitowe kapena tirigu achenjere kwambiri, zitatuzi zili pafupifupi m'chilichonse, mu ganjang ndi gochujang wa m'sitolo momwe mumakhala tirigu.

FUNSO: Azakhali ndili pa chibwenzi ndi mnyamata wachikorea, mwezi wamawa akukandionetsa kwa agogo ake aakazi ku Gangwon ndipo akuti tikadyera kunja, ku malo a masamba omwe agogowo amakonda. Timitengo tija ndimatha pang'ono koma ndikuopa kuchita manyazi. Ndizikatani patebulo?
Mtsikana wamanyazi

YANKHO: Nkhani yabwino imeneyi mwanangu, ndakondwa nawe. Ku Gangwon ndi kwawo kwa masamba a m'phiri, ndipo sindikukayika kuti ukakumana ndi gondeure bap, mpunga wophikira limodzi ndi masamba a gondeure omwe dera la Jeongseon limatchuka nawo, mwinanso gamjajeon, chitumbuwa cha mbatatesi yopala, ndi manudozi ozizira a makguksu. Uvale masokosi abwino poti mwina mukavula nsapato. Usakhale pansi agogo asanakhale, usagwire supuni iwo asanagwire yawo, ndipo musanayambe unene kuti jal meokgetseumnida, ndidya bwino, mawu amenewa okha akawasangalatsa. Uziwaitana kuti halmeonim. Chilichonse chomwe akukupatsa landira ndi manja awiri, ukamawathirira madzi dzanja lina ligwirizire mkono.

Za timitengo usade nkhawa kwambiri, tawo ndi tachitsulo, taphwatalala, timaterera ngakhale kwa ozolowera, koma mpunga ndi msuzi amadyera supuni, timitengo ndi totolera ndiwo basi. Mbale ya mpunga imakhala patebulo, sainyamula kufikitsa kukamwa. Usazike timitengo kapena supuni choimirira mumpunga, zimenezo zimawakumbutsa mwambo wa omwalira. Pakabwera dengu la letesi ndi kkaennip, tenga tsamba padzanja, ika kampunga, kandiwo ndi ssamjang pang'ono, phala losakaniza doenjang ndi gochujang, kulunga kaphukusi kakang'ono koti kalowe mkamwa kamodzi, saluma pakati. Agogo akakuikira ndiwo pamwamba pa mpunga wako, kapena kukulunga kaphukusi n'kukupatsa, ndiye kuti akulandira, idya, ndipo ukati masisseoyo, zikukoma, uona akukuwonjezera. Ngati pali chomwe sudya, bwenzi lakolo liwauziretu kunyumba musanafike ku lesitilanti, osati iwe kukana pamaso pawo.

Mpunga wa gondeure suthiridwa gochujang kawirikawiri, umabwera ndi kambale ka ganjang wosakaniza ndi anyezi ndi chitowe, thira pang'ono, sakaniza, lawa, kenaka onjezera. Ukabwera mu kam'phika kotentha, pakulira mpungawo m'mbale ina yomwe akupatsa, zomatirira pansi uzisiye, thiramo madzi otentha a mu ketulo yomwe ili patebulo n'kuvundikira. Pomwe muzimaliza kudya nkhoko zija zimakhala zafewa, madziwo asanduka sungnyung wonunkhira mpunga wopserera, umamwa ndi supuni. Mukamadzuka uwaweramire pang'ono agogo n'kunena kuti jal meogeotseumnida, ndadya bwino, ndipo udzandilembere mmene zayendera.